Zikomo kwa amene anatithandiza kupeza abale a ku Canada

Apongozi anga aamuna, mzungu wa ku Sussex ku England amene kwawo akhala alimi kuyambira kalekale, ankangoti kuli abale awo kutsidya la nyanja koma sankadziwa kuti anapitako bwanji. Ine Mmalawi, wozolowera kufunsa agogo za mtundu wathu, ndinadabwa kuti kuno mbiri ya banja imakhala m'mabuku a tchalitchi.

Ndithokoze mayi wachikulire wa ku West Sussex Record Office, ofesi yosunga zolemba zakale ku Chichester, amene anakhala nafe masana onse. Zolemba zakalezo ife zinkangotizunguza mutu, koma iwo ankalondola mzere ndi chala mpaka anapeza ubatizo wa mnyamata amene tinkamufuna, mbale wa apongozi amene anapita ku Canada. Ndiwo anatifotokozera kuti boma linayamba kulemba obadwa mu 1837, choncho zakumbuyo zimapezeka ku tchalitchi. Anatiuzanso za ntchito ya ku Petworth, yoyendetsedwa ndi m'busa Thomas Sockett mothandizidwa ndi ndalama za bwana wina wolemera, Earl of Egremont, imene pakati pa 1832 ndi 1837 inatumiza anthu osauka pafupifupi 1,800 ku Upper Canada, dera limene lero lili ku Ontario. Mnyamatayo anakwera nawo sitima ku Portsmouth.

Zikomonso bambo a ku Ontario amene sitinaonanepo. Munapita kumanda kukuzizira, n'kupukuta ndere pamwala ndi manja kuti dzina la mnyamatayo lioneke bwino pachithunzi. Apongozi anachiyang'ana nthawi yayitali osalankhula, tiyi mpaka kuzizira. Lamlungu likubwerali akuimbirana foni ndi mdzukulutuvi wa mnyamata uja.