Loko wa manambala ndi tsiku la ukwati wathu

Mwana wathu wachisamba atalowa Sitandade 6 mwezi wa Sepitembala, tinagwirizana ndi mayi ake kuti timugulire njinga, chifukwa mtunda wochokera kwathu ku Area 25 kukafika kusukulu unkatha nsapato msanga kuposa mmene malipiro anga ankabwerera. Njinga ya kaunjika ndinaipeza mosavuta, koma nkhani inadzakula pa loko. Mayi a kunyumba anati ndigule loko wa Tri-Circle, wonga uja timatsekera khola la nkhuku, pamodzi ndi unyolo, ndipo kiyi wake mwanayo azivala m'khosi pa chingwe. Ine ndinawakumbutsa kuti mnyamata yemweyo anali atataya kale makiyi awiri a nyumba, wina m'chimbudzi chokumba, kotero kumupatsa wachitatu kukanakhala kutungira madzi m'dengu.

Loweruka ndinapita ku Malangalanga kumene wogulitsa wina anandionetsa loko wopanda kiyi, wa chingwe chachitsulo chokutidwa ndi pulasitiki, wokhala ndi timagudumu tinayi ta manambala. Anatsegula ndi kutseka kawiri mwachangu, nandipatsa kapepala ka zithunzi komwe madzulo ake ndinayatsira mbaula, poti munthu wophunzira safuna zithunzi kuti amvetse loko. M'minibasi ndinawerengetsa kuti timagudumu tinayi timapereka manambala 10,000, kuyambira 0000 mpaka 9999, ndipo ndinamvera chisoni akuba onse a mumzinda wa Lilongwe.

Kusankha nambala yachinsinsi kunanditengera usiku wonse wa Lamulungu. Ndinayamba ndi 1964, koma ndinazindikira kuti mwana aliyense wa pulayimale amaloweza chaka chomwe dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira, ndipo 1994 ndi 1891 ndinazikananso pa chifukwa chomwecho. Potsiriza ndinalengeza pamaso pa banja lonse, ndi mawu a munthu wokonda mkazi wake, kuti nambalayo idzakhala tsiku ndi mwezi wa ukwati wathu, chinthu chomwe sindingachiiwale ngakhale atandidzutsa pakati pa usiku. Mayi anamwetulira n'kundiwonjezera ndiwo. Magetsi anali atazima, choncho ndinazunguza timagudumu tija pa kandulo mpaka tinafika pa 1708, kenaka ndinanong'oneza mwanayo nambalayo kukhutu.

Lolemba m'mawa ndinamuperekeza kuti ndimuonetse kamangidwe koyenera. Pa nsanamira ya khonde la ofesi panali patatsamira njinga yakuda ya Humber, yakale koma yopukutidwa bwino, ndipo ndinaona kuti malo omwe munthu wosamala chotero amaimikapo njinga ndiwo malo abwino. Ndinapisa chingwecho pa felemu ndi m'masipoko, monga ndinkaphunzitsira, ndipo pamene mwanayo ankalimbana ndi kutseka, ine ndinali kupereka moni kwa makolo anzanga ndi kuwafotokozera za manambala 10,000 aja.

Itangokwana 2 koloko masana foni inalira kuntchito. Anali aphunzitsi aakulu, ndipo mwaulemu wonse anandidziwitsa kuti njinga ya mwana wanga yakwatirana ndi yawo, kuti nambala yomwe mwanayo akudziwa sikutsegula, ndiponso kuti iwo akuyembekezeka kumaliro 3 koloko. Ndinakwera kabaza. Nditafika ndinapeza ana osachepera makalasi awiri atazinga nsanamira ija, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti chingwe chinali chitadutsa m'gudumu lakumbuyo la Humber ija mwaluso lomwe sindikanatha kulibwereza mwadala.

Ndinagwada n'kuika 1708, ndikutchula nambala iliyonse mokweza kuti mwanayo aone pomwe ankalakwitsa. Loko anakana. Ndinayesa 0817, poganiza kuti mwina mwezi unatsogola, kenaka 1807 ndi 1608, ndipo thukuta litayamba kutsikira mu kolala, m'mutu mwanga munalowa funso loopsa lakuti kodi tinakwatiranadi pa 17 Ogasiti. Aphunzitsi aakulu anati, “Bambo, bwanji osangowafunsa mayi kunyumba?” Ndinaimba, ndipo popeza foni yanga imamveka bwino pokhapokha ikakhala pa sipika, sukulu yonse inamva.

“Mayi, pepani, ndimati mundikumbutse pang'ono tsiku lija la ukwati wathu.”

Kunali zii kwa nthawi yokwanira kuphika tiyi. Kenaka anafunsa modekha kwambiri kuti, “Mukunena chinkhoswe kapena wa kutchalitchi, bambo?” Ndinati onse awiri. Anatchula 3 Juni ndi 24 Sepitembala, nawonjezera kuti m'mwezi wa Ogasiti iwo sakukumbukira kuti anakwatiwa ndi munthu aliyense, koma ngati ine ndinakwatira, ndidzawafotokozere madzulo. Ndinaika 0306, kenaka 2409, ndipo loko uja anakana masiku onse atatu mosakondera.

Mphunzitsi wa masamu, yemwe anali atabwera kudzaonerera, anawerengetsa pansi ndi kamtengo kuti ndikamayesa nambala imodzi pa masekondi atatu alionse, ndidzamaliza zonse pakatha maola 8 ndi mphindi 20, ndipo anapatsa ana ake funsolo kuti akachitire kunyumba. Tinatuma mwana kwa wowotcherera zitsulo wa pamsewu, koma anabwerako ndi uthenga wakuti makina odulira akudikira magetsi. Mlonda anabweretsa sowo yodulira zitsulo yomwe mano ake anatha kalekale, ndipo nditacheka kwa mphindi khumi ndinali nditangosenda pulasitiki ndi chala changa chimodzi. Amayi awiri ogulitsa zitumbuwa pageti, poona munthu wa tayi akucheka loko wa njinga ya aphunzitsi aakulu, anayamba kale kufunsana ngati kunali koyenera kukuwa.

Ndili kuyamwa chala chija, kamtsikana ka Sitandade 3 kanasendera pafupi, kanazunguza timagudumu tonse mpaka pa 0000, ndipo loko anatseguka ngati akupepesa. Kanafotokoza kuti kwawo aliponso wotere, ndipo kuti munthu akafuna kusintha nambala amayamba wapotokola kamkombero ka kumapeto, apo ayi loko amakhalabe pa maziro omwe anachoka nawo kufakitale. Mwana wanga anavomereza kuti m'mawa uja chingwe chinkakana kulowa mpaka atabwezera pa maziro, koma iye ankaganiza kuti maziro ndi otsekera ndipo nambala ya bambo ndi yotsegulira. Aphunzitsi aakulu anakwera Humber yawo osanena kanthu, kupatula kundifunsa ngati ndingalole kuti kamtsikanako kazindithandiza pa zinthu zina.

Madzulo mlandu wa 17 Ogasiti unazengedwa kuchipinda, ndipo pofuna kudzipulumutsa ndinakumbukira mokweza kuti 1708 si tsiku la mkazi wina aliyense, koma nambala yachinsinsi ya ndalama zanga za pafoni, yomwe zala zinaizolowera. Mayi anagwedeza mutu nandikhululukira msanga modabwitsa, kenaka anabwereka foni yanga kuti aone nthawi. M'mawa mwake mwanayo ananyamuka ndi unyolo ndi loko wa Tri-Circle watsopano, kiyi ali lende m'khosi, ndipo mayi ake anamutsanzika pakhomo atavala chitenje chomwe ndinali ndisanachionepo.