Njira zimene aphunzitsi a mpira wa amayi m'mayunivesite a ku America anadzera

M'chigawo chino cha maphunziro anga a za masewera tinapatsidwa ntchito yofufuza mbiri ya aphunzitsi a matimu, kuti tione kumene anachokera ndiponso mmene anafikira pa udindo wawo. Ine ndinasankha mpira wamiyendo wa amayi wa m'mayunivesite a ku United States, chifukwa poonera Temwa Chawinga akusewera ku Kansas City Current ndinazindikira kuti osewera ambiri a ku America amene amasewera naye anasulidwa m'matimu a mayunivesite. Ndinayamba ntchitoyi ndili ndi maganizo akuti mphunzitsi wopambana ayenera kuti anali katswiri wotchuka pabwalo, koma mbiri zimene ndawerenga zandionetsa kuti chimene chinawakweza ambiri mwa anthuwa ndi munthu amene anawatsegulira khomo, komanso zaka zambiri zimene analoledwa kukhala pa malo amodzi.

Woyamba kumuwerenga anali Anson Dorrance wa ku University of North Carolina. Iye anabadwira ku Bombay m'dziko la India mu 1951, ndipo chifukwa cha ntchito ya bambo ake pa kampani ya mafuta anakulira m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo Kenya ndi Ethiopia. Anasewera mpira pa yunivesite yomweyo ya North Carolina, ndipo pamene ankapatsidwa timu ya amuna anali akuphunzira za malamulo, maphunziro amene sanawamalize. Mu 1979 anapatsidwanso timu ya amayi imene inali itangokhazikitsidwa kumene, ndipo anakhala nayo mpaka pamene anapuma mu 2024, atatenga zikho 21 za bungwe la masewera a m'mayunivesite la NCAA. Ndi iyeyonso amene anatsogolera timu ya dziko la America pamene inatenga Chikho cha Dziko Lonse choyamba cha amayi ku China mu 1991. Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti njira yake yotchuka yophunzitsira, yolemba zotsatira za mpikisano uliwonse wa pa nthawi yokonzekera n'kuonetsa osewera pamene aliyense ali, anaitengera kwa Dean Smith, mphunzitsi wa basketball pa yunivesiteyo. Ndiyenera kunenanso kuti mu 1998 osewera ake awiri akale anakamusumira pa nkhani ya khalidwe losayenera, ndipo mlandu womaliza unatha mu 2008 mbali ziwirizo zitagwirizana. Nkhaniyi inandikumbutsa kuti munthu wokhala pa mpando zaka makumi anayi amakhala ndi mphamvu zambiri pa atsikana amene maphunziro awo akudalira mpira.

Kuchokera kwa Dorrance ndinaona mzere wa anthu ophunzitsana ngati mbumba. April Heinrichs, amene anasewera pansi pake n'kukhala kaputeni wa timu ya 1991, anakhala mphunzitsi ku Maryland ndi ku Virginia, ndipo ndi iye amene anatenga Jill Ellis kukhala womuthandiza. Sarina Wiegman, mphunzitsi amene watenga chikho cha ku Ulaya ndi dziko la Netherlands mu 2017 ndiponso ndi England mu 2022 ndi 2025, nayenso anasewerapo ku North Carolina mu 1989.

Mbiri ya Ellis ndi imene ndinaiwerenga mobwereza. Anabadwira ku England mu 1966, nthawi imene bungwe loyendetsa mpira kumeneko linali lisanachotse chiletso chimene linaika mu 1921 choti amayi asamasewere pa mabwalo a matimu ake, ndipo sanasewere m'timu yeniyeni mpaka banja lawo litasamukira ku Virginia mu 1981. Bambo ake, a John Ellis, anali mphunzitsi wa mpira. Atasewera ku College of William and Mary, anapeza ntchito ya malipiro abwino yolemba mabuku ofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka zipangizo pa kampani ina ya za matelefoni, koma anaisiya n'kupita kukakhala wothandizira mphunzitsi pa malipiro ochepa kwambiri. Anadzera ku Illinois, kenaka anakhala mphunzitsi wamkulu pa yunivesite ya UCLA kuyambira 1999 mpaka 2010, kumene anafikitsa timuyo m'ndime ya matimu anayi omaliza kasanu ndi katatu koma osatenga chikho. Munthu yemweyo, amene chikho cha mayunivesite chinkamupulumuka chaka ndi chaka, ndiye anadzatenga Chikho cha Dziko Lonse ndi timu ya dziko la America kawiri motsatizana, mu 2015 ndi 2019. Ndikudzifunsabe kuti akanakhala kuti akuluakulu a UCLA analibe chipiriro n'kumuchotsa atalephera kachitatu, kodi dzina lake tikanalidziwa?

Enanso anadzera njira zawo. Clive Charles, wobadwira ku London, anasewera ku West Ham United ndi ku Portland Timbers, ndipo atasiya kusewera anaphunzitsa matimu onse awiri a University of Portland, natenga chikho ndi amayi mu 2002, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Iye ndi mmodzi mwa ochepa amene ndawawerenga amene anafikadi pa mpira wolipidwa.

Gawo limene landivutitsa mtima ndi la chiwerengero cha amayi pa mipando imeneyi. Lamulo la Title IX la mu 1972, loletsa tsankho la pakati pa amuna ndi akazi m'sukulu zolandira ndalama za boma, ndi limene linachititsa kuti mayunivesite ayambitse matimu ambiri a atsikana. Komatu kafukufuku wa Vivian Acosta ndi Linda Jean Carpenter anaonetsa kuti mu 1972 matimu a amayi oposa 90 pa 100 alionse, m'masewera onse, ankaphunzitsidwa ndi amayi, pamene pofika mu 2014 chiwerengerochi chinali chitatsika kufika pafupifupi 43 pa 100 alionse. Ntchitoyi itayamba kukhala ndi malipiro ndi ulemu, amuna anayamba kuifuna, ndipo oilemba ntchito ambiri analinso amuna. Mpikisano wa NCAA wa mpira wa amayi unayamba mu 1982, koma zinatenga mpaka 1998 kuti mayi atenge chikho cha gawo lapamwamba ali mphunzitsi wamkulu. Ameneyo anali Becky Burleigh wa ku Florida, amene anayamba kutsogolera timu ya Berry College ali ndi zaka 21 zokha, ndipo m'masewera omaliza anagonjetsa North Carolina ya Dorrance yemweyo. Pambuyo pake panabwera Amanda Cromwell ndi UCLA mu 2013, Erica Walsh ndi Penn State mu 2015, ndi Margueritte Aozasa, amene anatenga chikho ndi UCLA mu 2022 m'chaka chake choyamba monga mphunzitsi wamkulu, atakhala zaka zingapo akuthandiza Paul Ratcliffe ku Stanford.

M'lipoti langa ndaganiza zosintha funso limene ndinayamba nalo. M'malo mofunsa kumene mphunzitsi aliyense anasewera, ndikulemba dzina la amene anamulemba ntchito yake yoyamba yothandizira, zaka zimene anakhala pa udindo umenewo, ndiponso ngati iye mwini atakwera anatenga mayi wina kukhala womuthandiza, monga mmene Heinrichs anachitira ndi Ellis ku Maryland.