Bandi yanga ya ku Mars: mutu wachinayi ndaung'amba

Sabata ino ndalemba masamba asanu ndi limodzi m'kope, anayi mwa iwo ndang'amba. Nthano ikadali yomwe ija: achinyamata anayi a kuno ku Kasungu apita ku Mars kukalima ndiwo zamasamba m'nyumba zagalasi, usiku amaimba rock. Dzina la bandi silinapezekebe. Mlongo wanga wakana onse atatu amene ndinamuuza, akuti akumveka ngati mayina a minibasi.

Mutu wachinayi ndinkaunyadira. Ndinawaimika panja, pamchenga wofiira, gitala ikulira mpaka kumapiri. Kenako ndinamvetsera zimene maikolofoni a Perseverance anajambula, galimoto yofufuza yopanda munthu ija inatera ku Mars mu February 2021, ndipo manja anandilefuka. Mpweya wa ku Mars ndi wochepa zedi, pafupifupi wonse ndi carbon dioxide. Mawu amayenda mamita ngati 240 pa sekondi, pomwe kuno ndi 340, ndipo mawu okwera amafera pafupi pomwepo. Gitala yanga ija ikanamveka ngati udzudzu wotsekeredwa m'botolo. Nanga omverawo, si ali m'zipewa zotseka mutu wonse?

Ndiye ndawalowetsa m'nyumba yosungiramo mbewu, imene iwo amaitcha chigafa, poti onse anakulira pa fodya. Gitala ndaitsitsa udindo. Tsopano mwini bandi ndi mtsikana woimba babatoni wa chingwe chimodzi, wopangidwa ndi chigubu cha madzi. Akakoka chingwecho pansi pamanjenjemera, anthu nyimbo amaimvera kumapazi. Kunena zoona, nthano yakoma kuposa kale.

Chimene chandidyera masiku ndi ng'oma. Ndikufuna mbalule yeniyeni yachikopa, osati zamapulasitiki. Koma chikopa chikalefuka timachiwamba pamoto, ndipo m'nyumba yotsekedwa ngati imeneyo woyatsa moto angaphe anzake onse. Ndinapita kwa agogo Loweruka.

"Agogo, kodi ng'oma ingawambidwe popanda moto?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe mdzukulu, kumene ukunenako dzuwa kulibe?"

Lilipo, koma mphamvu yake sifika ndi theka lomwe la lathu lino. Nditawafotokozera anati basi woimbayo azigona nayo m'bulangete, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinalemba zomwezo. Mnyamata wa ng'oma tsopano amagona atakumbatira mbalule, ndipo ikakana amakaitsamiritsa pa paipi ya madzi otentha mobisa, kapitawo asaone.

Magetsi anathima Lachitatu, moti sindinatayipe chilichonse, zonse zikadali m'kope. Chotsatira ndi mutu wachisanu, pomwe atumiza nyimbo yawo yoyamba kumudzi. Uthenga wochoka ku Mars umatenga mphindi pakati pa 3 ndi 22 kuti ufike kuno. Ndikufuna mayi ake a mtsikana uja akhale pakhonde, phiri la Kasungu likuoneka patali, wailesi ili pamiyendo, akumva mwana wawo akukoka chingwe chimene anasiya kale kukoka.