Kawailesi kanga kayankhula pa phiri la Zomba

Abale lero mtima uli mbee! Kawailesi kanga kolankhulirana ndi anthu akutali (amateur radio) kamene ndakhala ndikukawotcherera usiku kwa miyezi itatu kagwira ntchito. Ndinakwera nako pa Zomba mmamawa, batire ya njinga yamoto mchikwama, ndaponya chingwe pa nthambi ya paini nkukoka waya wa mamita 10, asanu uku asanu uko, eriyo ya mafunde a wailesi a 14 MHz ndi imeneyo basi. Mphamvu ndi ma watts 5 okha, ngati kababu kamodzi ka LED, koma nditagogoda CQ (kuitana aliyense amene akumva) kangapo pa Morse, uthenga wa timaphokoso tatifupi ndi tatitali, ndangomva munthu wa ku Joni akuyankha, kamawu kakang'ono mkati mwa phokoso, manja mpaka kunjenjemera polemba callsign yake, dzina la malembo ndi manambala lomwe amadziwika nalo pa wailesi. Mafundewa amakagunda ionosphere, gawo la mlengalenga lomwe limawabweza pansi, nkukagwera kutali, opanda netiweki opanda bandulo. Komanso kuphiri kulibe phokoso la magetsi losokoneza wailesi lija limandisowetsa mtendere ku Ndirande.

Achinyamata okonda kumasula mafoni bwerani tiphunzitsane, koma katengeni kaye laisensi ku MACRA. Callsign ya Malawi imayamba ndi 7Q ndipo anzathu akunja amaisaka heve poti tilipo ochepa. Loweruka ndikayesa ku Mulanje chifunga chikalola.