Ndamaliza kuchotsa guluu pakhoma

Lero ndamaliza kuchotsa guluu amene anatsalira titamatula mapepala okongoletsera khoma pabalaza kwathu ku Area 47. Ndinasakaniza madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi viniga pang'ono, ndipo ndinkanyowetsa khoma ndi siponji n'kudikira mphindi 10 kuti guluuyo afewe, kenako ndinkapala mosamala kuti pulasitala asakumbike. Popeza kutentha kwa Okutobala kuno ku Lilongwe kumaumitsa madzi msanga, ndinkanyowetsa kachigawo kakang'ono kokha. Ndinazimitsanso magetsi ndisanayandikire masoketi.

Ndikukupemphani, abale anga, musalole kuti mmisiri apake penti pamwamba pa guluu wotsalira, chifukwa chinyezi cha penti chimafewetsanso guluuyo, ndipo pentiyo amang'ambika n'kuyamba kusupuka. Ndatsukuluza khomali ndi madzi oyera, ndipo ndilisiya liume tsiku lathunthu tisanapente.