Pogona panga ku Scotland

Nditapita ku Scotland kukaona kumene David Livingstone anabadwira, sindinafune hotela. Ndinafikira m'nyumba ya alendo yakumudzi, zimene kumeneko amati B&B: umalipira pogona, m'mawa eni khomo amakuphikira kadzutsa. Zipinda za alendo zinali zitatu basi, eni ake akugona m'nyumba momwemo.

Ndinafika mvula ikuwaza, nsapato zili chonyowa. Mayi a pakhomopo, achikulire ndithu, anazitenga n'kuziika pafupi ndi moto, kenako anabwera ndi tiyi. Atamva kuti kwathu ndi ku Malawi, anakoka mpando. Ati mpingo wawo wakhala ukusonkhera sukulu ina kwathu. Tinacheza mpaka usiku, ngati ndili kwa azakhali.

Kadzutsa ndiye anandidabwitsa. Phala la oats lothira mchere, shuga ayi! Ndinaliyamba mokayika, koma mbale ndinaipukuta. Panabweranso mazira, soseji, nyemba ndi kachidutswa kakuda kophika ndi magazi kotchedwa black pudding. Kameneko ndinakakonda kwambiri, kanandikumbutsa uwende umene agogo ankatiphikira akapha mbuzi.

Ku Blantyre wa kumeneko, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndinaima m'kachipinda kamodzi momwe Livingstone anabadwira mu 1813. Banja lonse linkakhala mmenemo, ndipo iye anayamba ntchito pafakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Ndinakhalamo nthawi yaitali, mtima uli zii.

Ndinabwerera kutada. Mayi aja anali atagona, koma nyali yapakhonde anandisiyira ikuyaka, kiyi ali pansi pa mphika wa maluwa.