Mimba ili ndi masabata angati?

Sabata ino m'kalasi ya uzamba tinali pa matenda a njira ya mkodzo mwa amayi oyembekezera. Ndinkauyesa mutu wophweka: mayi akumva kuotcha pokodza, mumpatse mankhwala azipita. Ndalakwa kwambiri.

Chandikhudza ndi chakuti mayi amatha kukhala ndi tizilombo mu mkodzo osamva kalikonse. Mimba imasintha thupi. Homoni ya progesterone imafewetsa timipaipi totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, chiberekero chikamakula chimatipanikiza, mkodzo n'kumayenda mochedwa. Pamenepo E. coli, kachilombo ka m'matumbo, kamapeza mpata wokwera mpaka ku impso. Zikafika apo mayi amadwala kwambiri, ndipo mwana akhoza kubadwa masiku asanakwane. N'chifukwa chake bungwe la WHO mu 2016 linalangiza kuti mayi wopezeka ndi tizilomboti amwe mankhwala masiku 7, ngakhale iye akuti ali bwinobwino.

Pa mankhwala ndi pomwe ndinataya tulo. Ndinkangoloweza mayina, mpaka aphunzitsi anatifunsa kuti, "Musanalembe chilichonse, mimbayo ili ndi masabata angati?" Nitrofurantoin ndi wabwino, koma mayi akayandikira kuchira timaupewa, chifukwa ukhoza kuphwanya maselo ofiira a magazi a khanda. Kwa amene ali ndi vuto la G6PD (vuto lobadwa nalo lochititsa kuti maselo ofiira a magazi aziphwanyika msanga), lomwe si lachilendo kuno ku Africa, sitiupereka konse. Bactrim amasokoneza folic acid, vitamini wofunika kuti mwana aumbike bwino m'mimba, ndiye miyezi itatu yoyamba timasamala naye. Apa ndinadodoma, poti amayi omwe ali ndi HIV amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku. Anatifotokozera kuti kwa iwo chitetezo chake chimaposa chiopsezo, ndipo poti Bactrim amatetezanso ku malungo, kusikelo sapatsidwanso Fansidar. Ciprofloxacin ndi doxycycline ayi ndithu. Doxycycline amadetsa mano a mwana akadali m'mimba.

Amoxicillin ndiye amandimvetsa chisoni. Ndi wosaopsa pa mimba, koma E. coli wambiri anamuzolowera. Ndikukumbukira kwathu tikugula makapisozi anayi pagolosale, kumwa masiku awiri n'kusiya. Sindinkadziwa kuti tikunola tizilombo.

Mwezi watha kuwodi kunabwera mayi wa mimba ya miyezi isanu ndi umodzi, thupi lili moto, akunjenjemera. Ine mumtima ndinati malungo basi. Magazi sanaonetse malungo. Azamba anamugogoda pang'ono kumsana, m'munsi mwa nthiti, mayi anakuwa. Anamugoneka, namuyambitsa ceftriaxone wa mumtsempha. Nditamufunsa kuti, "Amayi, pokodza mumamva bwanji masiku apitawa?" anati kuotcha kunayamba kalekale, koma ankachita manyazi kunena kusikelo, ndipo palibe anamufunsa.

Tsiku limenelo sindinamvetse chimene azamba aja anagogodera kumsana. Ndachimvetsa sabata ino, ndili pa desiki: pamenepo ndi pomwe pali impso.